Udhu suonongeka chifukwa choti mtima wakayika

Funso: Assalaam alaikum Shehe. Ndine bambo wapabanja, ndimasoka zovala pa khonde la sitolo ina. Vuto langa ndi udhu, kusambitsa ziwalo pokonzekera swala (pemphero). Ndikachoka kotaya madzi ndimamva ngati kadontho katuluka, ndiye ndimabwerera kukatsuka, nthawi zina mpaka kusintha kabudula wamkati. Pa mpopi wa kumzikiti ndimachedwa kwambiri chifukwa ndimakayika ngati madzi afika pachigongono kapena ngati ndinaika niya (kutsimikiza mumtima chimene ndikuchita), ndiye ndimayambiranso. Ndikaima pa swala, m'mimba mukangolira ndimadula. Jamaa (swala ya pagulu) imandipita kawirikawiri, ndipo masiku ena ndimangoisiya swalayo chifukwa chotopa nazo. Ndimaopa hadith ya manda awiri ija, yonena za munthu wolangidwa m'manda chifukwa cha mkodzo. Kodi swala zanga zili bwino? Nditani?

Yankho: Wa alaikum salaam warahmatullahi wabarakatuh.

M'bale wanga, m'kalata yanu yonse chimene chandiopsa si kadontho ka mkodzo ayi. Chandiopsa ndi mawu oti masiku ena mumangoisiya swala chifukwa chotopa. Kumeneko ndi kumene waswasi, manong'onong'o a Satana obweretsa chikaiko, wakhala akukukokerani kuyambira pachiyambi. Satana akaona kuti munthu uyu sangamunyengerere kuti asiye kuswali, amamulowera pa khomo la twahara (kudziyeretsa), n'kumulemetsera udhu mpaka swala imufike pakhosi. Choncho ndiyambe ndi yankho lenilenilo. Malinga ndi zomwe mwafotokoza, udhu wanu woyamba uja umakhala utakwana kale, ndipo swala zomwe munaswali mtima ukukayika simukuyenera kuzibwereza. Zoti zalandiridwa akudziwa ndi Allah yekha, kwa inu ndi kwa ine chimodzimodzi, koma pa malamulo a fiqh (maphunziro a malamulo a Chisilamu) swalazo ndi zolondola. Ngongole yanu ndi swala zomwe munazisiya osaswali n'komwe.

Vutoli silinayambire pa inu. Imam Bukhari ndi Imam Muslim onse awiri analemba hadith ya swahaba Abdullah bin Zaid, yoti Mtumiki, swalla Allahu alaihi wasallam (SAW), anauzidwa dandaulo la munthu amene akakhala pa swala amamva ngati china chake chamutuluka. Mtumiki (SAW) anayankha kuti munthuyo asachoke pa swalapo kufikira atamva phokoso kapena fungo. Mu hadith ina ya Abu Huraira, yomwe ili mwa Muslim, nkhani yake ndi yanu yeniyeniyo: munthu akamva china chake m'mimba mwake, n'kusokonezeka ngati chatuluka kapena ayi, asatuluke mumzikiti mpaka atamva phokoso kapena fungo. Imam Nawawi, amene anamwalira m'chaka cha 1277, anafotokoza kuti phokoso ndi fungo pano zikuimira kutsimikiza. Munthu wosamva amene akudziwa bwinobwino kuti mpweya watuluka, udhu wake waonongeka ngakhale sanamve kalikonse. Koma amene akungoganizira, ngakhale m'mimba mulire chotani, udhu wake ulipo. Kulira kwa m'mimba ndi ntchito ya matumbo, sikukhudzana ndi udhu.

Pa hadith zimenezi maulama, akatswiri a chipembedzo, anamangapo lamulo limodzi mwa malamulo akuluakulu asanu a fiqh: chotsimikizika sichichotsedwa ndi chikaiko. Munapanga udhu, mukudziwa kuti munapanga, ndiye muli ndi udhu mpaka mutadziwa mwa mlingo womwewo kuti waonongeka. Ena amati kwa munthu wa waswasi muyeso wake ukhale wakuti: kodi ndingathe kulumbirira kuti chatuluka? Ngati simungalumbire, pitirizani swala. Muyeso umenewu ndimaukonda chifukwa munthu woopa Allah ngati inu salumbira mwachisawawa, choncho mantha omwewo amene akhala akukuzunzani amayamba kukuthandizani. Ambiri mwa ife kuno timatsatira madhhab (njira ya kamvedwe ka malamulo) a Imam Shafi'i, ndipo lamuloli ndi lawo, komanso la a Hanafi ndi a Hanbali. A Maliki okha ndi amene amati wokayika apangenso udhu, koma nawonso anamupatula munthu amene chikaiko chimamubwerera tsiku ndi tsiku, n'kunena kuti ameneyo asachilabadire. Ndiye palibe madhhab mwa anayiwa amene akukulamulani kuchita zomwe mukuchitazi.

Tibwere pa mpopi paja. Faradhi (zokakamizidwa) za udhu kwa a Shafi'i zilipo 6: niya, kusambitsa nkhope, kusambitsa mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi gawo la mutu, kusambitsa mapazi mpaka mu akakolo, ndi kutsata ndondomeko imeneyi. Zinayi zapakatizo zatchulidwa mu Surah Al-Maida, ayah 6. Zina zonse, monga kusamba m'manja koyambirira, kuchukucha m'kamwa, kutsuka m'mphuno, kupaka m'makutu ndi kubwereza katatu, ndi sunna. Ndi zabwino ndipo musazisiye, koma kuiwala chimodzi mwa izo sikugwetsa udhu. Ibn Abbas anafotokoza kuti Mtumiki (SAW) anapangapo udhu posambitsa chiwalo chilichonse kamodzikamodzi. Abdullah bin Zaid anafotokoza za kawirikawiri, ndipo Uthman bin Affan anaonetsa anthu za katatukatatu. Zonsezi zili mwa Bukhari. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti mukasokonezeka ngati mkono mwausambitsa kawiri kapena katatu, palibe chimene chaonongeka, popeza faradhi inakwana pa ulendo woyamba uja.

Kupitirira katatu ndiye kumene kwadzudzulidwa. M'bedui wina atafunsa za udhu, Mtumiki (SAW) anamuonetsa katatukatatu, n'kunena kuti udhu ndi umenewu, ndipo woonjezera pamenepa walakwitsa, wapyola malire ndipo wachita zosalungama. Abdullah bin Mughaffal naye anamva Mtumiki (SAW) akunena kuti mu umma uno mudzapezeka anthu opyola malire pa twahara ndi pa dua. Taganizirani bwino mawu amenewa, achimwene. Inu mukamasambitsa mkono kachisanu ndi chiwiri mumaona ngati mukusamala chipembedzo, pomwe mwini kubweretsa chipembedzocho anakutchula kupyola malire. Kusamala kwenikweni ndi kuima pomwe iye anaima.

Ndipo madzi ake anali ochepa zedi. Anas bin Malik anati Mtumiki (SAW) ankapanga udhu ndi mudd imodzi, n'kusamba thupi lonse ndi swaa imodzi mpaka mudd zisanu. Mudd ndi muyeso wodzaza manja awiri a munthu wamkulu ataphatikiza, ndipo maulama ngakhale amasiyana powerengera, ambiri amauika pansi pa lita imodzi. Swaa ndi mudd zinayi. Munthu amene anali woyera kuposa tonsefe ankamaliza udhu ndi madzi osadzaza botolo la lita. Madzi akayenda pakhungu n'kulinyowetsa lonse, chiwalocho chasambitsidwa. Simukulamulidwa kupenda tsitsi lililonse la pamkono, kungoti pachigongono ndi pachidendene muzipititsapo dzanja, chifukwa zidendene zouma Mtumiki (SAW) anachenjezapo.

Za niya ndisatalikitse. Malo ake ndi mumtima. Munthu amene wasiya makina osokera atamva adhana, wapinda malaya, wavula nsapato, wakhala pa mpopi, akudziwa chimene akuchita, ndipo kudziwa kumeneko pamene akuyamba kusambitsa nkhope ndiyo niya. Kuitchula pakamwa a Shafi'i amati n'kothandizira mtima chabe, si faradhi. Ngati kutchulako ndi kumene kumakuchititsani chibwibwi n'kumayambiranso, kusiyeni. Mukamaliza udhu n'kudzuka, chikaiko chilichonse chokhudza chiwalo chomwe mwadutsa kale musachitsatire.

Tsopano kadontho kaja, pomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa anthu awiri osiyana amafunsa funso limodzi ndi mawu ofanana. Woyamba amangomva ngati katuluka, koma akayang'ana sapeza kanthu, kapena amapeza chinyezi chomwe chingakhale madzi a istinja (kutsuka maliseche ukatha kudzithandiza) kapena thukuta. Wachiwiri akayang'ana amapezadi mkodzo. Inu mukudzidziwa nokha kuchokera pa maulendo onse amene mwakhala mukubwerera kukayang'ana. Ngati nthawi zambiri simupeza kanthu, ndinu woyambayo, ndipo mankhwala anu ndi kusiya kuyang'ana. Sindikunena kuti muchepetse, ndikunena kuti musiye. Shariya sinakulamuleni kufufuza m'kabudula mukatha istinja.

Akuluakulu akale anali ndi njira yake. Imam Malik analemba m'buku lake la Muwatta kuti munthu wina anafunsa Sulaiman bin Yasar, mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a fiqh a ku Madina, za chinyezi chomwe amachipeza. Sulaiman anamuuza kuti awaze madzi kunsi kwa chovala chake kenako aiwale za icho. Nzeru yake ndi yapafupi. Mukatha istinja, tapani madzi pang'ono m'dzanja n'kuwaza pakabudula wamkati. Pambuyo pake mukamva kuzizira kapena kunyowa, muli nalo kale yankho: ndi madzi ndinawaza aja. Satana mwamutsekera poyambira.

Palinso chizolowezi china chimene chimakulitsa vutoli, ndicho kufinya ndi kukama mobwerezabwereza pofuna kuti zonse zithe. Mabuku a fiqh amalimbikitsa kuti munthu akatha kukodza asadzuke mothamanga, adikire pang'ono mpaka mkodzo uleke, ndipo angathe kusisita mofatsa kuchokera kunsi kupita kutsogolo. Kamodzi, kawiri, katatu, basi. Ibn Taymiyya, amene anamwalira mu 1328, anafanizira chiwalochi ndi bere la chiweto: ukalisiya limakhazikika, ukalikama limatulutsa. Amene amakhala m'chimbudzi mphindi khumi akufinya, kudumpha ndi kutsokomola, amadzipangira yekha madontho omwe akuwaopawo.

Nanga ngati ndinu wachiwiri uja, amene amapezadi mkodzo? Pamenepo tiyang'ane kuti umatuluka liti. Amuna ambiri amadontha kwa kanthawi kochepa akangochoka kokodza, kenako zimaleka. Amenewa sali m'gulu la odwala opatsidwa chilolezo chapadera, koma njira yawo ndi yosavuta. Muzikataya madzi nthawi ya swala isanayandikire kwambiri, osati iqama (kuitana koyambira swala) ikuitanidwa. Mukatha istinja ikanipo kansalu koyera kapena tishu kuti chovala chitetezeke. Inu ndinu telala, tizidutswa ta nsalu simungatisowe. Bwererani pa makina, sokani kwa kanthawi, ndipo nthawi yomwe mukudziwa kuti zimakhala zitaleka ikakwana, chotsani kansaluko, tsukani malowo, pangani udhu. Mkodzo ukakhudza chovala, tsukani pamalo pokhapo pomwe wakhudza, madzi ayenderepo mpaka mtundu ndi fungo zichoke. Kusintha kabudula yense kapena kusamba thupi lonse chifukwa cha dontho sikofunika.

Koma alipo ena amene mkodzo sumaleka, moti sapeza mpata wokwanira udhu ndi swala ali ouma. Maulama amawatcha a salas, ndipo lamulo lawo analitenga pa nkhani ya Fatima bint Abi Hubaish, mayi amene magazi a matenda sankamuleka. Iye anafunsa ngati asiye kuswali, ndipo Mtumiki (SAW) anamuuza kuti ayi, umenewo ndi mtsempha chabe, si msambo. Kwa a Shafi'i, munthu wotere amadikira nthawi ya swala ilowe, amatsuka, amamanga kansalu, amapanga udhu nthawi yomweyo n'kuswali mosazengereza. Kudikira jamaa sikuwerengedwa ngati kuzengereza, chifukwa ndi zokomera swala yomweyo. Chilichonse chotuluka ali pa swala sichimuonongera kanthu. Ndi udhu umodzi amaswali faradhi imodzi ndi sunna zomwe angafune. A Hanafi anafewetsa kuposa apa, amati udhuwo umakhalabe mpaka nthawi ya swalayo itatuluka. Onani kuti ngakhale munthu amene mkodzo ukutulukadi ali chiimire pamaso pa Allah sanauzidwe kuti asiye swala. Nanga amene akungoganizira?

Ngati zimatulukadi, pitaninso kuchipatala, musachite manyazi. Kwa ife okhala kufupi ndi nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa ndi mtsinje wa Shire, likodzo ndi lofala, ndipo limachititsa kumva mkodzo pafupipafupi, kuwawa pokodza, ndi magazi kumapeto kwa mkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala. Matenda a shuga nawo amakodzetsa pafupipafupi, ndipo kwa amuna achikulire prostate ikakula imachititsa kudontha. Kufuna mankhwala ndi sunna, ndipo nthawi zina funso lomwe munthu wazungulira nalo kwa mashehe zaka zambiri limathera pa kapimidwe ka mkodzo kamodzi.

Ndionjezere mwachidule za madzi ena a mtundu woyera, omata, amene amatuluka chilakolako chikabwera, otchedwa madhiy, chifukwa ambiri amawasokoneza ndi umuna n'kumasamba janaba (kusamba thupi lonse) popanda chifukwa. Ali bin Abi Talib anali nalo vutoli, ndipo pochita manyazi poti anali mkamwini wa Mtumiki (SAW), anatuma Miqdad bin Al-Aswad kukamufunsira. Yankho linali loti atsuke maliseche ake n'kupanga udhu. Kusamba thupi lonse ayi.

Hadith ya manda awiri ija ndi yoona, ili mwa Bukhari ndi Muslim kuchokera kwa Ibn Abbas. Mtumiki (SAW) anadutsa pa manda awiri n'kunena kuti eni ake akulangidwa, mmodzi chifukwa sankadzitchinjiriza ku mkodzo wake, winayo chifukwa ankayenda ndi ukazitape, kutenga mawu uku kukatula uko. Mukuchita bwino kuiopa. Koma ikunena za munthu wosalabadira, amene amakodza n'kudzuka osatsuka, mkodzo n'kumamuthovukira m'miyendo ndi m'zovala iye osasamala, kenako n'kukaima pa swala choncho. Inu amene mumatsuka mpaka kubwereza muli kutali ndi munthu ameneyo. Ndipo muiike pambali pa hadith ina. M'bedui anakodza mkati mwa mzikiti wa Mtumiki ku Madina, maswahaba n'kumudzukira. Mtumiki (SAW) anawaletsa, anati amusiye amalize, kenako athirepo ndowa ya madzi, ndipo anawauza kuti anatumidwa kudzafewetsa, sanatumidwe kudzalemetsa. Mkodzo wa munthu wamkulu, pa malo opatulika chotero, unatha ndi ndowa imodzi. Amene anachenjeza za manda ndi yemweyo amene analamula ndowayo, ndipo chipembedzo timachitenga pa zonse ziwiri.

Waswasi akapanda kuletsedwa sakhala pa mkodzo pokha. Mawa adzakufunsani za madzi a m'chigubu, za mkeka wa mumzikiti, za zovala zomwe anthu amabweretsa kuti muwasokere, za matope a m'misewu nthawi ya dzinja. Lamulo ndi lomwe lija: chinthu chilichonse ndi choyera mpaka mutadziwa kuti chagwera najisi (zodetsa monga mkodzo), ndipo simukulamulidwa kufunsafunsa. Mu Muwatta muli nkhani ya Umar bin Al-Khattab ali paulendo ndi Amr bin Al-As. Atafika pa dziwe, Amr anafunsa mwini wake ngati zilombo zimamwapo. Umar anauza mwini dziwelo kuti asawayankhe, chifukwa iwo amamwa pambuyo pa zilombo, zilombonso zimamwa pambuyo pawo. Umar sanali munthu wopeputsa chipembedzo. Ankadziwa kuti funso lina ukalitsegula silitsekekanso.

Ayah ya udhu yomwe ija, Al-Maida 6, ikatha kutchula ziwalo, kusamba ndi tayammum (kudziyeretsa ndi dothi), imanena kuti Allah sakufuna kukuikirani chovuta, koma akufuna kukuyeretsani ndi kukwaniritsa mtendere wake pa inu. Mawu amenewa ali mkati mwa lamulo lenilenilo. Ndiye udhu umene ukukulandani jamaa, kukuthawitsirani makasitomala ndi kukusiyitsani swala, si umene ayah imeneyi inabweretsa.

Kuyambira swala ikubwerayi chitani izi. Musapangire udhu pa mpopi wotsegula, tungani madzi m'botolo la lita imodzi, ndipo akatha, udhu watha. Ngati n'kotheka khalani pafupi ndi m'bale amene mumamudalira pa chipembedzo, muyambe naye limodzi, akadzuka inunso dzukani. Mukalowa mu swala musadule pokhapokha pa chinthu chimene mungachilumbirire. Manong'onong'o akakuchulukirani mkati mwa swala, kumbukirani Uthman bin Abi Al-As, amene anadandaula kuti satana akumusokoneza pa swala ndi pa kuwerenga. Mtumiki (SAW) anamuuza kuti ameneyo ndi satana wotchedwa Khinzab, ndipo akamumva adzitchinjirize kwa Allah n'kulavulira pang'ono kumanzere katatu. Uthman anati atachita zimenezo Allah anamuchotsera. Mukakhala pa mzere ndi anthu, kungotembenuzira mutu pang'ono n'kupemerera mopanda malovu kwakwana, kuti musavutitse mnzanu.

Ndikuchenjezeni kuti masiku oyamba mtima udzakuwawani. Mudzamaliza swala mukumva ngati mwaswali opanda udhu, ndipo chilichonse mwa inu chidzakuuzani kuti mubwereze kamodzi kokha kuti mtima ukhale pansi. Musabwereze. Kubwerezako ndi kumene kumadyetsa waswasi. Mtima umakhala pansi kwa kanthawi, kenako chikaiko chimabwera chokulirapo. Mukapirira osabwereza, kuwawako kumayamba kuchepa pakokha. Ngati mwaswali potsatira zomwe Mtumiki (SAW) analamula wokayika, mwamumvera, ngakhale zitakhala kuti kadontho kanatulukadi inu osadziwa. Allah sakakamiza munthu chimene sangathe.

Mukaona kuti patha miyezi mukuyesetsa koma sizikusintha, kapena kukayikaku kwafalikira ku zinthu zina, monga kubwerera kangapo kukaona ngati mwakhoma chitseko, kapena maganizo oipa okhudza chikhulupiriro amene amakubwererani inu musakuwafuna, kaonaneni ndi achipatala oona za maganizo. Alipo matenda odziwika amene amachititsa munthu kubwereza zinthu motere, amagwira anthu a zipembedzo zonse, ndipo ali ndi chithandizo cha uphungu ndi mankhwala. Kupita kumeneko si kuchepa kwa imani, ndipo sikuletsana ndi dua. Akazi anu auzeni zomwe mukulimbana nazo, kuti akakuonani mukubwerera ku bafa azikukumbutsani mofatsa kuti mwatsuka kale.

Zatsala ndi swala zomwe munazisiya. Lapani kwa Allah, kenako yerekezani chiwerengero chake mmene mtima wanu ukuonera kuti n'chokwanira, mulembe papepala kamodzi, ndipo pepalalo musalibwererenso kukaonjezera chifukwa cha chikaiko. Muzibweza mwamsanga mmene mungathere: Dhuhr ya lero ikatha, swalini Dhuhr imodzi ya ngongole, Asr chimodzimodzi, ndipo tsiku limene muli ndi mpata onjezerani, mpaka chiwerengerocho chithe. Udhu womwe mwaswalira ya lero ndi womwewo mungaswalire ya ngongoleyo, pokhapokha ngati muli m'gulu la salas lija. Allah akupatseni machiritso ndi kukhazikika pa swala. Wallahu a'lam.